Chibowo cha m'khoma langa ku Kambuzuma

Chaka cha 2019 ndinali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Chaka chimenecho mwana wanga anatseka ndi simenti chibowo cha m'khoma langa, ine nditakana.

Nyumba yanga ndi ya mnzanga ndi zogundizana, khoma limodzi. Iye kwawo ndi ku Chipata, ine bambo anga anachokera ku Dedza. Tinagwira ntchito limodzi pa makina ku Willowvale. Fakitale itatseka, tinatola makompyuta awiri akale amene a mu ofesi anataya. M'kati mwake munali gemu yowomberana. Kalaliki anatisonyeza kalumikizidwe kake, ine n'kuboola khoma ndi hamala, n'kupititsa waya.

Gemuyo ndi yakale. Umaona mfuti yako yokha ndi makhonde a njerwa, ngati ukuyendamo ndi miyendo yako. Nkhope za anthu ake zili ngati zosema ndi nkhwangwa. Koma siifuna data, siifunsa dzina lako. Magetsi akabwera imayaka pomwepo. Khomo lililonse mmenemo ndinkalidziwa ngati la m'fakitale.

Masana, magetsi akakhalapo, tinkasakana. Ndikamuwombera ndinkamenya khoma n'kumuuza kuti wafa, adzuke tionanenso. Iye ankabweza m'Chinyanja cha kwawo, amati ndimawombera ngati nkhalamba yothira madzi m'dimba. Akazi anga anamwalira kale. Zidzukulu zimandiyankha m'Chishona. Wolankhula nane chilankhulo changa tsiku ndi tsiku anali yekhayo.

Anthu a mumsewu mwathu anayamba kunong'ona. Akuti madala awiri achilendo aja amanga nyumba zawo ndi chingwe, akuphana ndi kudzukanso dzuwa likuswa mtengo. Ndakalambira mumsewu umenewu, ndanyamula maliro awo, koma kwa iwo ndikadali mlendo wa mankhwala. Nkhani inafika ku tchalitchi kumene mwana wanga ankafuna udikoni.

Anabwera Loweruka ndi foni yatsopano. Ndinamuuza kuti akhale pansi aone yekha kuti ndi masewera chabe. Anakana. Anati iye akudziwa kuti si ufiti, koma anthu sakudziwa, ndipo ana ake akunyozedwa kusukulu.

"Bambo, m'foni muno muli gemu yabwino kuposa imeneyo. Muzisewera ndi anthu a dziko lonse."

"Dziko lonse ndilitani? Ndikufuna wa kuseri kwa khomali."

Anandisiyira foniyo n'kupita. Lolemba ndinapita ku kiliniki kukatenga mapilitsi a BP. Pobwerera ndinapeza waya atadula, simenti ikadali yonyowa, patebulo palibe kanthu. Kompyuta anakaipereka kwa ogula zitsulo. Munthu amene ndinamuphunzitsa kugwira hamala anadikira ndichoke pakhomo panga ngati mbala.

Mwana wamkazi wa mnzanga atamva, anakwiya. Anati bambo ake sangakhale pamene ngakhale a khoma limodzi akuwaona ngati mfiti. Mwezi usanathe anawatengera ku Hatcliffe, kutali, mbali ina ya tauni.

Ndinapitako kamodzi. Ndinakwera makombi awiri, timabasi ta kuno, mawondo anga akulira. Ndinamupeza m'kachipinda ka kuseri, kompyuta yake ili m'katoni pansi pa bedi. Anati yekha saiyatsa, kuwombera zilombo za m'gemumo zopanda pakamwa n'kopanda ntchito. Tinafunsana za matupi, tinamwa tiyi. Amuna ngati ife sitidziwa kucheza manja ali chabe. Ndinanyamuka dzuwa likadalipo.

Foni ija ndinaiyesa tsiku limodzi. Anthu osawadziwa anandipha kasanu ndisanapeze n'khomo lomwe, data n'kutha. Ili m'dirowa.

Mwana wanga udikoni uja anamupatsa. Tsiku lomuika pa udindowo sindinapite, ndipo akabwera kuno ndimamulonjera ngati wodzawerenga mita ya madzi.

Ndinataya kompyuta imodzi, waya wa mamita anayi, masana a zaka zisanu ndi chimodzi, mnzanga mmodzi, ndi mwana mmodzi.