Dzina la mlongo wanga Sungeni

Munali mu 1959, ine ndili ndi zaka khumi, pamene agogo a Chimbalanga, bambo awo a bambo anga, anafika kwathu ku Mitundu wapansi kuchokera ku Nathenje, nkhuku ili kukhwapa. Anali mlimi wa fodya wa chikopa. Utsi wofukizira fodya unawalowa m'malaya, m'ndevu ndi m'zikhatho, moti pakhomo linkayamba kufika ndi fungo, eni ake pambuyo, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamene pakufuka nkhuni zaziwisi ndimacheuka ngati andiitana.

Anabwera kudzatcha dzina. Amayi anali m'chikuta ndi khanda lalikazi, ndipo dzina ulendo umenewo linali loti lichokere kuchimuna. Koma khandalo linapondana ndi atsikana awiri amene tinawaika m'manda asanamere mano. N'chifukwa chake a Nabanda, mzamba wa m'mudzi mwathu, anali atapangana kale ndi amayi anzawo kuti mwanayo akhale Maliro. Ndi mmene zinkakhalira. Ankati dzina lokoma limauza imfa kuti pakhomo pali chamtengo, pomwe loipa imalimva n'kudutsa, kuyesa kuti mwanayo ndi wotayika kale.

Mchombo utagwa, anamutulutsa panja m'mawa. Agogo anakhala pachitsa, chipewa pabondo.

"Bambo, dzina takonza kale," anatero a Nabanda. "Inu mungolitchula. Maliro."

"Ndiye ulendo wonsewu ndayendera maliro a munthu woti akuyamwa?"

"Musaseke. Awiri aja tinawasambitsa ndife. Inu munali ku fodya wanu."

"Mwana ukamuitana Maliro m'mawa ndi madzulo, tsiku lina adzavomera."

"Nanga uyunso akapita, tidzaloza ndani?"

"Ine. Kwathu mukukudziwa."

Amayi anangowerama, misozi ikudonthera pansalu. Agogo analandira khandalo m'manja mwawo mwakuda ndi utsi muja, nalimanga mkanda woyera padzanja.

"Uyu ndi Sungeni. Dzinali si lake, ndi lanu. Woliitana aliyense akudzipatsa yekha ntchito." Kenako anandiyang'ana. "Iwe, wamva?"

"Ndamva, agogo."

Kwathu dzina limeneli linali lisanamveke. Ena ankati mkuluyu waputa imfa. Mwana akangoyetsemula, amayi a m'mudzi ankapenyana.

Nyengo yofukiza fodya itafika, Sungeni anagwidwa ndi chifuwa, mpaka analeka kuyamwa. Uthenga unawapeza agogo atangopachika fodya wawo wabwino, moto uli mkati. Wolima chikopa sachoka pamoto. Iwo anachoka. Anabwereka njinga, nafika thukuta lili kamukamu, nakweza amayi ndi mwana ulendo wa kuchipatala ku Likuni, bambo akuthamanga pambuyo. Anakhala komweko mpaka mwana atayambanso kuyamwa. Pobwerera ku Nathenje anapeza moto unazima kalekale, fodya atachita nkhungu. Chaka chimenecho anavala malaya azigamba. Sindinawamvepo akudandaula.

A Nabanda sanagonje. "Ine mumtima ndimamutchabe Maliro," ankatero. "Ndi limene lamupulumutsa."

"Mumtimamo mutcheni chilichonse, mayi," agogo ankayankha. "Bola pakamwa pazituluka langa."

Agogo anamwalira Sungeni atangoyamba sukulu. Ntchito ija inatsalira ine. Ndinamubereka kumsana anyamata anzanga akundiseka. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, iye anapitirira. Pa ukwati wake nkhoswe ndinali ine. Mwamuna wake atamwalira ndinakamutenga, ndinamumangira nyumba kuseri kwa yanga. Anamwalira dzinja lathali, mutu uli mbuu ndi imvi, zidzukulu zitamuzungulira. Woti ndinalephera, abwere andiuze.

Masiku ano dzinali lawanda. Pamsika wa Mitundu ukaitana Sungeni, amacheuka angapo. Kutchalitchi limamveka pa ubatizo uliwonse. Makolo amalipeza pa foni, mwana asanabadwe n'komwe, popanda nkhuku, popanda mkanda, popanda munthu woyenda mtunda kudzalitchula. Ndinafunsa mtsikana wina wogulitsa tomato chifukwa chimene anatchera mwana wake choncho. Anati limamveka bwino. Sindinamukalipire. Sanaikepo mwana m'manda, ndipo asadzaike. Koma ndikamva mayi akukuwa dzinali kuseri kwa mpanda, miyendo imafuna kunyamuka yokha, ngati pali wina woti ndikamutenge.

Ndikawerenga, zimene zinapita ndi izi: alongo awiri amene mayina awo ndatsala nawo ndekha, fodya wa chaka chathunthu, amayi, bambo, a Nabanda ndi makani awo, agogo ndi utsi wawo, ndi Sungeni mmodzi, mwini dzina. Ndatsala ine amene ndinati ndamva, wopanda womusunga.