Kanyali Kofiira Pamzati wa Kuhositelo

Foni itadulidwa, mtsikanayo anakhala pansi patsinde pa mzati, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Mawu a bwana wake anali akadali m'khutu: "Mayi woyang'anira hositelo watopa nane. Pofika Lachisanu ngati sizikuyenda, undibwezere zida zanga."

Anzake ankamutchula kuti Makwerero, poti kulikonse ankapita atawanyamula paphewa. Mayeso omaliza a kusekondale anamukana kawiri. Anagulitsapo matchaja ndi makava a foni pasiteji ya basi, ndipo ankagona m'kachipinda kosungiramo katundu kwa mkulu wake, pambali pa njinga ya alamu ake. Mwini kakampani koika wayifayi, yemwe ankamugula matchaja, ndi amene anamutenga kuti amuyese. Akaona kuti akutha, amulemba ntchito.

Hositeloyi ndiyo inali ntchito yoyamba kumusiyira yekha. Kwa inu osadziwa, tizipangizo ta wayifayi ta mtundu umenewu timapatsirana intaneti popanda waya, ngati anthu opatsirana njerwa pamzere. Kamodzi kanali pakhoma la ofesi. Kena Makwerero anakamangirira pamzati panja, kuti kazipereka intaneti ku nyumba yakumbuyo. M'mawa kankagwira bwinobwino. Masana kanyali kake kankafiira, ndipo ana asukulu akumbuyoko, amene mayeso anali atawayandikira, ankangoona foni ikuzungulira osatsegula kanthu.

Anasintha waya wa magetsi. Anazimitsa kachipangizoko n'kukayatsa mpaka chala kuwawa. Anafufuta zonse n'kukalumikizanso, kenako anabweretsa katsopano. Amisiri a ntchito imeneyi amakonda kulawirira pothawa dzuwa, ndiye nayenso ankalawirira, kuona kanyali kobiriwira, n'kubwerera mtima uli m'malo. Masana foni inkalira, a kuhositelo akudandaula. Akathamangirako n'kufika madzulo, ankapeza kabiriwiranso, ngati kakumuseka.

Kunyumba alamu ake sanamusiye.

"Ainjiniya afika! Musadandaule mlamu, katebulo kanu ka matchaja ndakusungirani."

"Asiye amenewo, idya," anatero mkulu wake.

Makwerero ankaopa kubwerera pasiteji paja, anzake amene anawatsanzika monyadira akumufunsa kuti zatha bwanji.

Lachinayi analawirira monga mwa masiku onse, koma sanabwerere. Anakhala pamwala moyang'anizana ndi mzati.

"Lero mwabwera kudzandithandiza kulondera?" anafunsa mlonda wa pageti.

"Ayi, bambo. Ndikufuna kazime ndikuona."

Dzuwa linakwera. Ana ankadutsa akumuyang'ana cham'mbali, wina mpaka anatsonya. Kanyali kanali kobiriwirabe, ndipo nkhawa inamugwira kuti mwina lero lokha sikazima, mawa n'kudzamuchititsa manyazi bwana ali pompo.

Dzuwa lili paliwombo, geti linatsegulidwa. Inalowa lole ya madzi, chithanki chachitsulo kumbuyo, n'kuima pakati pa ofesi ndi mzati. Dalaivala analumikiza paipi, n'kukagona pamthunzi. Makwerero atakweza maso, kanyali kanali katafiira.

Anathamanga kukadzutsa dalaivala uja.

"Achimwene, pepani, tasunthani galimoto pang'ono chabe."

Dalaivala anang'ung'udza koma anasuntha. Kanabiriwira. Atabwerera m'mbuyo, kanafiiranso. Chitsulo ndi madzi zinkatchinga tizipangizo tiwirito kuti tisaonane.

"Ndiye simungamaime kwina?"

"Paipi yanga ndi yaifupi, chemwali. Ndikaima kwina, anawa asamba wayifayi yanuyo?"

Njira inatsala imodzi: kukweza kachipangizoko pamwamba kupitirira thanki. Apa ndi pamene panali chinsinsi chake. Mtsikana wotchedwa Makwereroyu ankaopa kukwera. Tsiku loika lija anakamangirira pomwe dzanja linafika ataima pakati pa makwerero, n'kudziuza kuti pakwanira. Sanauzepo munthu, poopa kuti bwana akamva, ntchito yathera pomwepo.

Anatambasula makwerero mpaka kumapeto. Mlonda anawagwira pansi. Atadutsa pakati, miyendo inayamba kunjenjemera moti makwerero ankagogoda mzati. Ana anali atadzaza m'mawindo.

"Bambo, ndigwa!"

"Simugwa, ndagwira. Musayang'ane ine, nkhope yanga ilibe intaneti. Yang'anani mzati!"

Anaseka mosafuna, n'kukweranso. Pamwamba anadzimangirira lamba kumzati, anakoka waya, n'kumanga kachipangizoko koyang'ana ku ofesi. Sipanala inamupulumuka n'kugwa. Anamaliza ndi pulayala, akupemphera chamumtima. Atatsika, anangokhala pafumbi. Lole inali pompo, koma kanyali kanali kobiriwira.

Lachisanu anapempha bwana kuti abwere masana, nthawi imene lole ija inkafika tsiku lililonse, osati m'mawa. Anamuuza zonse, ngakhale za mantha ake. Bwanayo anazungulira lole, anapita kuseri kwa nyumba yakumbuyo, n'kutsegula kanema pafoni. Makwerero anaima patali, akudikira kuti kanemayo aime. Sanaime.

Bwana anaika foni m'thumba.

"Ukuopa kukwera, koma unakwera?"

"Eya, bwana."

"Lolemba udzandiuze saizi ya ovolosi yako."

Masiku ano Makwerero ndi amene amatumidwa kumalo komwe amisiri ena alephera. Mantha sanathe. Akafika patsinde pa mzati amayamba wapuma kaye mwamphamvu, kenako n'kukwera.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali chinthu chimene mwasintha uku ndi uku koma chikukanabe, ndipo mwayamba kukhulupirira kuti wolephera ndinu. Musathawe msanga. Khalani pompo mpaka muone pomwe chikufera. Mukapeza kuti mankhwala ake ali pamalo pomwe mumaopa, pezani wokugwirirani pansi, mukwere miyendo ikunjenjemera choncho. Mtima wokhawo musautaye.