Zimene ndinakopera mu laputopu ya bambo

Bambo anamwalira Lachiwiri, ndipo pofika Lachinayi katundu wawo yense anali atamangidwa kale m'zikwama ziwiri zikuluzikulu, zija amanyamula aliyense wopita kumudzi. Nsapato za kuntchito, jekete, wailesi, laputopu. Amene anamanga ndi abambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo amene amakhala ku Nigel. Anati katundu wa malemu sagwiridwa mpaka akafike kwawo, abale akagawane maliro akatha. Ine sindinalire. Ndinkangoyang'ana chikwama chimene munali laputopu.

Bambo anali mlonda pa fakitale ina ku Benoni, kuno ku Joni. Kunyumba sankayankhula kwenikweni. "Wadya?" "Tseka chitseko." Basi. Koma Lamlungu lililonse masana ankakhala pabedi, laputopu yakale ija pamiyendo, n'kumalemba ndi chala chimodzi maimelo aatali opita kwa azakhali, mlongo wawo amene amaphunzitsa kumudzi. Sindinawerengepo ngakhale imodzi. Adiresi inali ya kuntchito, ndipo akuntchito anaitseka atangomva za imfa. Ndiye kuti mawu onse amene bambo analembapo anatsala m'kamakina kamodzi kameneko, ndipo Loweruka kankayenera kukwera galimoto limodzi ndi bokosi la maliro. Ine ndi mayi sitinkapita nawo, mapepala athu anali atatha, ukatuluka choncho subwereranso. Ndinkadziwanso kuti mwana wa abambo aang'ono akangoilandira adzafufuta zonse n'kuikamo mafilimu.

Ndinayamba ndapempha abambo aang'ono bwinobwino, izi zidziwike.

"Abambo, mundibwerekeko laputopu ola limodzi lokha."

"Iwe, tili pamaliro ukuganiza za magemu?"

"Si magemu ayi."

"Choka apa. Ana a ku Joni mulibe mwambo."

Chabwino. Lachisanu masana mkhukhu wathu, kanyumba ka malata ku Dukathole, unali wodzaza, azimayi a kutchalitchi akuimba mkati, azibambo atakhala panja pa makreti. Ndinazungulira kuseri, ndinatulukira kukanjira ndikuthamanga, wefuwefu, n'kukuwa: "Apolisi! Galimoto yaima pakona, akufunsa mapepala!"

Nyimbo inadukira pakati. Mayi wina anathawa atavala nsapato imodzi ya mnzake. Abambo aang'ono, amene m'mawa womwewo ankati iwo saopa munthu, analumpha mpanda wa malata n'kusiya chidutswa cha thalauza pa msomali. Mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka, ndipo amene akudikira kuti ndipepese adikire ndithu. M'nyumba munatsala mayi okha pa matiresi. Anandiona ndikumasula chikwama. Sanandiletse, sanandithandize.

Pasiwedi ndinkaidziwa, ndinaiba chaka chatha pofuna kuwasinthira bambo chithunzi cha pasikirini kuti pakhale nyani. Kusukulu tinaphunzira kuti maimelo sukopera ngati nyimbo, umayamba wawatulutsa mu pulogalamu yake kuti akhale fayilo imodzi. Ndinatero mothamanga, batire itatsala pang'ono kufa, n'kuiponya mu fulashi yanga. Kamzere kobiriwira kankayenda ngati kakudwala. Katafika kumapeto ndinabweza laputopu pakati pa jekete n'kumanga chikwama mmene chinalili. Anthu atabwerera mmodzimmodzi, abambo aang'ono anandimenya mambama awiri. Sindinawamve kupweteka. Sanadziwe chifukwa chenicheni, ankaganiza ndi misala yanga ya masiku onse.

Loweruka galimoto inanyamuka. Lolemba nditaweruka kusukulu ndinapita ku Germiston, ku kashopu ka intaneti ka achimwene ena a ku Zambia. Fayilo ija ndinaidina kangapo, osatseguka.

"Siitseguka chabe choncho, mwana iwe," anatero achimwenewo, akukoka mpando. "Ufunika kuilowetsa mu pulogalamu. Sendera."

Anailowetsa. Maimelo anayamba kutsika, mzere ndi mzere, mpaka sikirini inadzaza. Iwo anayang'ana kumanzere, anayang'ananso, kenako anandiyang'ana ine.

"Watenga obwera okha. Otumizidwa ali kuti?"

"Si onse amenewa?"

"Awa ndi amene anthu anawalembera. Amene analemba eni ake ali mu foda ina. Sunaichonge."

"Palibe njira?"

"Makina ali kuti?"

Makina anali atawoloka malire. Achimwene aja anati eish, n'kubwerera pa kauntala. Ndinakhala pompo. Pambali panga munthu ankasindikiza kalata yofunsira ntchito, pulinta ikulira. Ndinali ndabalalitsa maliro a bambo anga kuti nditenge ndandanda za mashifiti, mauthenga a ofesi okumbutsa alonda kuvala yunifomu, ndi otsatsa matayala. Ndinadikira kuti ndimve chinachake. Palibe.

Ndinayamba kutsegula imodziimodzi, poti nthawi inalipo. Yoyamba ya azakhali inali ya mizere itatu: alandira, ali bwino, mvula yachedwa. Ndinatsitsa pansi mosaganiza. Pansi pa dzina lawo panali mzere, ndipo pansi pa mzerewo panali kalata yaitali, mzere uliwonse uli ndi kachizindikiro kutsogolo. Azakhali ankangodina poyankha, osafufuta zimene akuyankhazo. Kalata ya bambo inkatsalira mmunsi, yonse.

Si zonse ayi. Nthawi zina azakhali ankayamba imelo yatsopano, ndipo pamenepo panalibe kanthu. Koma zambiri zinalipo. Bambo sankaika mpumiro paliponse, mawu ankangoyenda. Ankanena za kuzizira kwa pageti mu Juni, za nsapato zowafinya chala chaching'ono, za galu wa pafakitale amene ankamugawira buledi. Ankafunsa ngati denga la kukhitchini lakonzedwa. Lamlungu lotsatira ankafunsanso za denga lomwelo.

Ndinakopera iliyonse kuika mu fayilo imodzi wamba, yoti itseguke paliponse, ngakhale pafoni. Achimwene aja anandisiya mpaka nthawi yotseka.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi akusesa pamene panali zikwama. Ndinawapatsa foni. Anati maso awo sakuona bwino, ndiwawerengere. Ndinawerenga ya nsapato, ndi mawu anga a kusukulu.

"Ankalemba zonsezo?" anafunsa.

"Eya."

"Ine sanandiuzepo kuti zimawafinya."

Anaimika tsache pakhoma n'kukhala pa matiresi.

"Werenga ina."