Foni yopatsa moni ili chiimire

Atate anga amadwala matenda a maganizo amene madokotala amati baipola. Akakwera, ankagula penti n'kuyamba kupaka mpanda wa aneba ku Kabwata osapemphedwa, kwinaku akuimba nyimbo za kutchalitchi. Akatsika, sankadzuka ngakhale kukasamba. Chimene ankaopa kuposa imfa chinali kugonekedwanso m'chipatala, ndipo ine ndinawalonjeza kuti sizidzachitikanso.

Kukiliniki anatiikira pulogalamu m'foni yawo. M'mawa uliwonse inkawafunsa kuti adzuka bwanji, iwo n'kudina kankhope kosekerera kapena kokwinya. Nesi ankaona mayankhowo ali muofesi, kuti zinthu zikayamba kupendama, mankhwala asinthidwe msanga. Kunena zoona, ndinapumira m'mwamba. Ndinali nditatopa nawo maminibasi, kuchoka kwathu ku Chelstone, kusinthira m'tauni, kungokaona ngati nkhalamba yadya. Choncho maulendo ndinachepetsa.

Tsiku lina aneba aja anandiimbira kuti makatani a atate sakutsegulidwa. Atate ndinawapeza ataonda, ndevu zosameta, mapiritsi osakhudzidwa. Anagonekedwa tsiku lomwelo.

“Ba sisi, onani mweka,” anatero nesi pondilozera kompyuta. “Ma face yonse ni yoseka. Manje sembe tinaziba bwanji?”

Ndinalowa muwodi mmene anagona atate.

“Atate, munkanamiranji?”

“Sindinaname, mwana wanga,” anayankha osandiyang'ana. “Munthu akakupatsa moni ali chiimire pakhomo, umati ndadzuka bwino. Mavuto umawanena iye akakhala pampando. Kanthu kajako kankangofunsa n'kuzima.”

Ndikanatsutsa chiyani? Ndi mmene anatilerera tonse m'nyumba ija.

Atatuluka, ndinabwerera kumaminibasi anga. Tsopano ndimafika ku Kabwata ndisanapite kuntchito. Ndimawapatsa moni, amati adzuka bwino. Ndimakoka mpando, ndimathira tiyi, timadandaula za magetsi. Kapu ikafika pakati ndimafunsanso, ndipo apo m'pamene amati, “Mutu ukuthamanga,” kapena, “Lero kwada.” Kenako timadina kankhope koyenera. Atate sanagonekedwenso m'chipatala, koma foni imene inabwera kudzandipumitsa yandionjezera ntchito, ndipo ndatopa mpaka m'mafupa.

Mwezi watha ndinawaperekeza kukiliniki. Nesi uja anatipeza pakhonde akuthamangira kwina, mafayilo ali m'manja.

“Nanga imwe ba sisi, muli shani?” anandipatsa moni.

Atate anandiyang'ana, kenako anayang'ana benchi yopanda munthu imene inali pambali pathu. Nesi sanakhale.

“Nili che bwino,” ndinatero.