Mbalame Ndinaiona pa Uvuni wa Alamu

Zolemba mbalame ndinaziyamba ndili kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Mnzanga wa mu ofesi ndiye anandiikira pulogalamu yake pafoni. Ukaona mbalame umalemba mtundu wake, foni imadziwa yokha pamene waima, kenako umatumiza pa intaneti. Iye anati zimapita kwa anthu ofufuza za mbalame. Sindinafunse kuti anthuwo ndi ndani. Ndinabwereka magalasi oonera patali, ndipo Loweruka likakwana ndinkakwera kumtunda kumene tiyi amathera, nkhalango n'kuyamba.

Anthu sanachedwe kundikayikira. Amayi ochokera kunkhuni akandiona ankaponya mitolo m'tchire n'kumayenda manja lendee ngati akuchokera kutchalitchi. Kumsika wa ku Limbuli mayi wina wogulitsa kalongonda anandifunsa mosaseka kuti, "Bambo, mbalamezo mukaziwerenga, amakazidya ndani?" Ndinaseka ndekha.

Mchimwene wa mkazi wanga ankawotcha makala. Tonse tinkadziwa, koma pakhomo sinali nkhani yokamba. Tsiku lina ndikutsatira nkhulukulu, mbalame yobiriwira ija ya mapiko ofiira, ndinatsikira m'khwawa lomwe sindinafikemo chiyambire. Ndinamva fungo la utsi. Nditatukula mutu ndinaona uvuni, ndipo pambali pake panaima alamu anga, fosholo ili m'manja.

"Alamu, mwasochera?" anandifunsa.

"Ayi, ndikutsata mbalame iyo ili mu mkuyuyo."

Sanayang'ane n'komwe mumtengomo. Maso awo anali pafoni. "Nanga mukulembamo chiyani?"

Ndinawaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. "Chizungu chokhachokha. Ine ndidziwa bwanji kuti akunena mbalame?"

Ndinawatsimikizira kuti mulibe dzina la munthu. Ndili pomwepo ndinadina potumizira, n'kutsanzika.

Sabata isanathe alonda a nkhalango anafika m'khwawa muja. Anagumula uvuni, natenga matumba ndi njinga. Alamu anathawa kudzera m'minda mpaka kuwoloka malire kupita ku Milange, kwa abale a mayi awo.

Mkazi wanga sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanatero. Anangondiikira madzi osamba, n'kufunsa ali chocheukira kwina, "Kodi abambo, foni yanuyo imanena ndi ndani?"

"Ndi anthu a mbalame."

"Munawaonapo?"

Nditakhala pakhonde ndinatsegula mapu a mu pulogalamu muja, chinthu chomwe sindinkachilabadira. Paliponse pamene ndinaimapo panali kadontho. Kena kanali m'khwawa mwenimwenimo, ndipo aliyense wokhala ndi intaneti akanatha kukaona.

Lolemba ndinam'kokera pambali mnzanga uja, n'kumuuza za kadontho kaja. Anaseka kwambiri. "Iwe, a zankhalango angamawerenge za mbalame? Utsi uja umaoneka uli pamsewu. Ngakhale mwana akanawalozera."

Zinali zomveka. Koma kusekako kunandipitirira muyeso. Ndinakumbuka kuti msuweni wake amagwira ntchito ya nkhalango ku Chambe. Ndinakumbukanso kuti iye, amene anandiphunzitsa zonsezi, sindinamuonepo akulemba ngakhale khwangwala. Kuyambira pamenepo, akandifunsa kuti Loweruka ndinalowera kuti, ndinkangoti ndinali pakhomo.

Kenako kunabwera uthenga pafoni, wochokera kwa munthu wosam'dziwa. Anati ndi mmodzi wa oona ngati zolembedwa mu pulogalamu muja zili zoona. Anandithokoza mwaulemu, n'kufunsa za nkhulukulu ija: ndinaiona pati penipeni, ndinadzera njira iti, ndipo kodi mitengo ya pamalopo idakalipo? Funso lomalizali ndi lomwe linandiimitsa mutu. Mwina analidi munthu wokonda mbalame, wofuna kudziwa ngati zili ndi pokhala. Mwinanso ayi. Ndinauwerenga kangapo, osayankha.

Pamudzi nkhani inali itamera kale mapiko. Ena ankati boma linandilemba ntchito mobisa. Ena ankati magalasi aja amajambula nkhope. Pamaliro ena, nditangokhala pansi, amuna omwe anali pafupi anasiya nkhani yawo n'kuyamba kukamba za mvula. Apongozi anga aakazi anandibwezera shuga amene ndinawatumizira, ati mano akuwawawa.

Alamu anabwera mvula itayamba. Ndinapita kukawaona, foni nditaisiya kunyumba. Ndinawafotokozera zonse, za kadontho ndi za uthenga uja, osabisa kanthu. Anamvetsera akusenda chinangwa.

"Ndiye mukuti si inu?"

"Ndikuti sindikudziwa, alamu. Pakamwa panga sipanatuluke kanthu."

"Pakamwa ayi," anatero, n'kundipatsa chinangwacho. Tinadya.

Makala anawasiya. Pano amapalasa kabaza ku Muloza, ndipo amati msana wawo ukupeza bwino kusiyana ndi kale. Timachezerana, ana athu amayenderana mpaka kugona komweko, koma za ntchito ya anzawo omwe adakali m'phiri sakamba ine ndilipo.

Mbalame sindinasiye kulemba. Kungoti ndimathera padamu la pa esiteti ndi m'mizere ya tiyi, komwe ndimalemba apumbwa, njiwa ndi nantchengwa, malo amene munthu aliyense amadutsa masana. Amene analozera alonda aja sindinam'dziwe mpaka lero. Mnzanga wa mu ofesi anasamutsidwira ku esiteti ina chaka chotsatira, ndipo ananyamuka osanditsanzika.