Mzere wa Kumanda

Bwalo lathu la basiketibolo linali pamalo oipa, ndipo ine ndinanena kuyambira tsiku loyamba. Anali masiku a Chitaganya. Abulazala a ku mishoni amene anabweretsa masewerawa anasankha malo okhawo osalala paphiri lonselo, osalabadira kuti mzere wa kum'mawa ukugundana ndi mitengo ya kumanda. Ine ndinali mphunzitsi wachinyamata, ndipo wenzulo anandikoleka m'khosi poona kuti pakamwa sindichepa.

Lamulo ndinkalidziwa ngati Atate Athu. Mpira ukatuluka, timu imene sinaukhudze komaliza imatuma munthu kunja kwa mzere, pomwe watulukirapo, kuti auponyere m'bwalo. Koma kwathu kuno munthu saponda kumanda popanda maliro. Mnyamata mmodzi yekha, wamanzere, ndiye ankalimba mtima kukaima kumeneko. Chibayo chinamutenga m'nyengo yozizira, ndipo tinamuika m'mitengo momwemo.

Mng'ono wake ankasewera naye m'timu imodzi. Mayi awo anandipeza panjira, nagwada.

"Aphunzitsi, wotsalayu musamutume kumzere uja. Akapondako, mkulu wake amuitana."

Loweruka lotsatira nkhungu inatsika paphiri masewera ali mkati, mpaka mitengo ija inangotsala zithunzithunzi. Mpira unagunda dzanja la wa timu yopikisana ndi ya abale aja n'kugubuduzikira kumanda. Anyamata onse anabwerera m'mbuyo, wapafupi n'kukhala mng'ono uja. Abulazala anali chilili pambali, maso pa ine, kudikira lamulo lawo. Mnyamatayo anayamba kuyenda. Ndinachita mantha zedi, wenzulo ili kukamwa.

Asanafike pamzere, mpira unatuluka m'nkhungu muja. Sunagubuduzike ayi. Unabwera m'mwamba, mwamphamvu, kulunjika pachifuwa pake, monga momwe wamanzere uja ankaponyera. Anauwakha.

"Waponya ndani?" anafunsa abulazala.

"Wa timu yoyenera, ndipo ali kunja kwa mzere," ndinayankha. "Lamulo silifunsa zoposa pamenepo."

Ndinakweza mkono kuti masewera apitirire.

Ena mpaka lero amati oponya mpirawo anali ana oweta mbuzi. Ana ake ati olowa kumanda? Tsikulo mng'ono uja sanaponyere aliyense. Anangoima ataukumbatira mpirawo, misozi ili chuchuchu, malaya ake oyera atathimbirira ndi dothi lofiira lonyowa, lomwe pabwalo pathu panalibe. Lamulo limati munthu asakhalitse ndi mpira m'manja. Wenzulo sindinaimbe.