Bambo Anadutsa Atasenza Benchi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anamwalira, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali tengatenga padoko la Nkhata Bay, wotsitsa matumba a ufa ndi simenti sitima ikafika. Ankayenda mofulumira kwambiri moti chithunzithunzi chawo chinkafika kunyumba iwo atasamba kale. Anthu amaseka ndikanena zimenezi, koma amene ankachitsegulira chitseko ndine.

Munthu wotero sajambulitsa. Ankati zojambulitsa n'za anthu amene ali ndi nthawi yoima. Choncho maliro atatha, m'nyumba mwathu munalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Patapita miyezi, tsiku lina amayi akusenda chinangwa cha kondowole, anaika mpeni pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, nkhope ya abambo ako yayamba kundithawa."

Azakhali a ku Mzuzu ndiwo anakumbukira kuti ukwati wa mwana wawo unajambulidwa pavidiyo, ndipo bambo analipo. Tepi inabwera pa minibasi itakulungidwa m'chitenje. Ife wailesi yakanema tinalibe. Amene anali nayo, pamodzi ndi deki yoikamo tepi, anali Ada Longwe, mwini vidiyo sho ya kuseri kwa msika.

Chinali chipinda cha malata, pakhomo pali nsalu yakuda, m'kati mukununkha thukuta ndi usipa wouma. Kutentha kwake, ntchentche zinkalowa zikuuluka n'kutuluka zikuyenda pansi. Ndikulumbira, ina ndinaiona itakhala pakhonde ikupuma. Amayi, mayi wa mpingo amene ankandikwapula akangomva kuti ndasuzumira kumeneko, analowa m'mawa makanema asanayambe, atavala mpango wa kutchalitchi.

Wojambula uja anali atakonda mkwatibwi yekha. Tinaona mkwatibwi akumwetulira, mkwatibwi akupukuta thukuta, mkwatibwi akuyasamula. Tinakhala mpaka benchi inayamba kutidziwa. Kenaka, kumbuyo kwa mkwatibwiyo, kunadutsa munthu atasenza benchi ya kutchalitchi pamutu. Anacheuka pang'ono, n'kuseka ndi wina amene sankaoneka, basi wapita.

"Ndiwo!" anatero amayi ataimirira. "Ada, bwezani. Muimitse pomwepo."

Ada Longwe anabweza tepi n'kuimitsa. Chithunzi chinayamba kunjenjemera, mizere yoyera ikudutsa pakati. Popeza bambo ankayenda mwachizolowezi chawo, nkhope inali itapakika ngati matope pakhoma. Panalibe maso, panalibe mphuno yoti n'kuiloza.

"Ama," anatero Ada Longwe, "ndikuuzeni zoona. Ndikaimitsa chonchi, deki imadya tepi pamalo pomwepo. Tikatero kangapo, apa patsala mizere yokhayokha."

Ine ndinayamba kulira. Ndinkafuna aimitsebe kuti ndiyandikire, mwina nditapenyetsetsa maso aja atuluka. Ndinagwira galasi la wailesiyo ndi manja onse awiri. Amayi anandikoka pamkono, osati mwaukali, n'kundikhazika pambali pawo. Anayang'ana chithunzi chonjenjemeracho kwa nthawi yaitali.

"Uyu woimayu sindikumudziwa," anatero. "Mwamuna wanga sankaima. Ada, alekeni adutse."

Tepi inayendanso. Bambo anadutsa, phewa lakumanja litatsika pang'ono chifukwa cha matumba a padoko, mapazi akuponda ngati pansi pakuotcha. Anacheuka, n'kuseka. Pamenepo ndinawaona onse athunthu, ngakhale nkhope imene ndinaisowa pa chithunzi choima chija.

Ada Longwe anatulutsa tepi n'kuipereka ndi manja awiri. "Muzibwera m'mawa uliwonse umene mwafuna, ama. Achinyamata okonda makanema a nkhonya angathe kudikira." Tinapitako kambirimbiri, ndipo sitinaimitsenso. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti amayi ankakhala malo amodzimodzi nthawi zonse, kumapeto kwa benchi, mbali yakumanzere, pamene wailesi sinkaoneka bwino n'komwe.

Ku yunivesite ndinalowa mochedwa, anzanga a m'kalasi akundipatsa moni wa manja awiri poyesa kuti ndine mphunzitsi. Chaka choyamba tinali ndi phunziro la makanema. Aphunzitsi athu anafotokoza kuti kanema ndi zithunzi zoima zambirimbiri zothamangitsidwa motsatizana, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chimayenda pachokha. Anzanga ankalemba mwakhama. Ine ndinangomva fungo la usipa. Kenaka aphunzitsi aja anati tizifunsanso za zimene wojambula wasiya kunja, chifukwa munthu wa m'kanema akacheuka, ndiye kuti kulipo kumene akuyang'ana.

Nditatuluka ndinaimbira amayi foni. "Ama, mu tepi ija, abambo ankaseka ndi ndani paja?"

"Wafunsa lero?" anatero. "Ndi ine. Ndinaima kumanzere kwa wojambula, ndili ndi poto wa mpunga. Ndinawauza kuti ayende pang'onopang'ono, angawagwetsere anthu benchi."

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti amayi ankapita kwa Ada Longwe kukaona nkhope ya bambo. Tsopano ndikudziwa chimene ankakhalira kumapeto kwa benchi, mbali yakumanzere. Bambo akacheuka, ankawapeza pomwepo.